Zigamba za m'Bokosi la Mkungudza

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene wandisungira maso oona bowo la singano mpaka lero, ndi zala zosanjenjemera. Ndimuthokozenso chifukwa cha zinthu zotsala, makombo a nsalu amene ena amasesera kudzala. Ambuye atadyetsa khamu lija anauza ophunzira ake kuti atole zotsala zonse, ndipo nthawi iliyonse ndikamva nkhaniyi m'tchalitchi ndimaona ngati ntchito yotolayo anandisiyira ine.

Ndimasoka zofunda za zigamba. Ndinayamba ndili mtsikana, ndikutola tizidutswa pansi pa makina a telala wina wa pakhonde la sitolo ku Limbuli. M'kupita kwa zaka amayi a kumpingo anazolowera. Chitenje chikatha pakati, m'mbali mudakali moyo, amabwera nacho kwa ine.

Malemu amuna anga anali kalipentala pa esiteti ya tiyi. Chaka chimene tinakwatirana anandikhomera bokosi la matabwa a mkungudza, nthawi imeneyo mitengoyo idakali yambiri m'phirimu. Njenjete sizilowamo. Ukalitsegula limapuma fungo la kumtunda, la nkhalango mvula itangokata, ndipo nsalu yogonamo mwezi umodzi imatuluka itatenga fungolo ngati munthu wochokera kuulendo.

Ena amasanja nsalu potsata mtundu, zofiira pazokha, zobiriwira pazokha. Ine ndinkasanja potsata kumene nsaluyo inayendako. Munali mtolo wa maukwati, wowala mpaka kuthobwa m'maso. Munali wa kutchalitchi, wa zoyera ndi zitenje za misonkhano ya amayi. Wina unali wa mbereko zakutha, zofewa ngati khutu la mbuzi, ndipo wina wa zitenje za m'munda wa tiyi, zosuluka ndi mame. Yatsopano sindinkaiika ndisanaichape, chifukwa ikakumana ndi yakale pamsoko imakoka n'kung'amba. Zimenezi Ambuye anazinena kalekale, ine ndinangozitsimikiza ndi manja.

Pansi penipeni, wokutidwa m'thumba la ufa lochapa bwino, panali mtolo wa maliro. Mmenemo munali zitenje zimene tinavala polira, ndi zidutswa za zovala za amene anatsogola. Munali kapulana ya mayi anga, chitenje cha ku Mozambiki chimene anawoloka nacho mtsinje wa Muloza ali namwali. Munalinso malaya abuluu a amuna anga, okhala ndi dontho la guluu pathumba. Mtolo umenewu sunalawepo sizasi. Loweruka masana ndinkaumasula, kusalaza nsalu iliyonse pabondo, n'kupindanso.

Ndili ndi mwana mmodzi, wamkazi, ndipo amakhala ku Nkando ndi mwamuna wake. Mimba yake yoyamba inapita padera. Ataimanso, m'banja monse tinayamba kuyenda monyang'ama. Ine mtima unkalakalaka chinthu chimodzi: kuti mwana ameneyu, Mulungu akalola, adzafunde chosoka manja anga.

Achemwali anga, amene nyumba yawo ili kuseri kwa nthochi zathu, anandipeza tsiku lina bokosi lili chitsegulire.

"Iwe, mwana wosabadwa samudulira nsalu. Wamuona mapazi?"

"Sindikudula, achemwali. Ndikungosanja."

"Kusanja kwako ndimakudziwa. M'mawa kusanja, pofika masana sizasi yalira." Analoza pansi pa bokosi ndi milomo. "Ndipo za pansizo zisayandikire. Nsalu imene inamva kulira kwa maliro safunditsa khanda."

"Inu mtsogoleri wa kwaya, mukuopa nsanza?"

"Kwaya ndi Lamulungu. Lero ndi Lachitatu."

Tinaseka tonse, koma nditatsala ndekha ndinamanga mtolo wa maliro ndi mfundo ziwiri. Ndimakhulupirira kuti akufa mwa Ambuye angogona, ndipo malaya awo ndi thonje basi. Koma apa panali mwana wa mwana wanga, ndipo tinali titalira kale kamodzi. Chikhulupiriro changa chinali ngati kambewu kakang'ono kaja, mantha anali ngati phiri, ndipo phirilo silinasunthe.

Kenako kunabwera chiperoni. Amene sanakhalepo kuno sadziwa mmene nkhungu imeneyi imalowera m'nyumba popanda kuodira. Phiri linasowa. Minda ya tiyi inasanduka nyanja yotuwa, othyola masamba akuyandama mmenemo ndi madengu kumsana, mawu awo akumveka ngati ochokera kutsidya. Makoma anatuluka thukuta. Masiku amenewo ndinkakhala pakhomo singano ili m'manja yopanda ulusi, ndikusoka m'maganizo chofunda chimene ndinaletsedwa kudula. Nditatsegula bokosi, pansi pa fungo la mkungudza panali fungo lina, la nguwi.

Dzuwa litatuluka ndinatulutsa mitolo yonse. Za maukwati ndinaziyanika pakapinga, za kutchalitchi pachingwe, mbereko pamitengo ya nandolo. Za maliro ndinapita nazo kutali, kumalire a munda, n'kuziyala pamphasa yawoyawo. Bwalo lonse linaphuka ngati munda umene sindinaubzale. Ndidakaimirira chomwecho, foni inalira. Anali mkamwini wanga, mawu akuphwanyikaphwanyika: mkazi wake matenda amuyamba, ali kale kuchipatala.

Ndinangomangirira chitenje n'kuthamangira kumsewu kukakwera kabaza. Za nsalu sindinakumbuke.

Anabadwa mtsikana, ndipo analira mokweza mpaka anamwino kuseka. Ine ndinagwada pakhonde la chipatala anthu akundilambalala. Atatulutsidwa ndinabwera nawo kwathu mayi ndi mwana, monga mwa mwambo, kuti adzakhale m'chikuta pafupi ndi ine.

Pangodya ya chipinda tinapeza dengu lalikulu lodzaza mpaka kusefukira. Achemwali anafotokoza akupukuta manja.

"Utangochoka kunadutsa kamvuluvulu. Nsanza zako zinauluka ngati agulugufe, zina ndinakazitola m'chinangwa cha aneba. Mvula inali pafupi, ndiye ndinangowola zonse."

"Za kumalire zija?"

Anayang'ana dengu, anayang'ana ine. "Kumalire kunalinso zina?"

Masiku otsatira, mwana akagona, ndinkakhala pamkeka kuyesa kulekanitsa. Poyamba ndinkati n'zosavuta, poti nsalu iliyonse ndimaidziwa. Ndinatola kachidutswa ka masamba achikasu, n'kukumbukira kuti tinavala paukwati wa mphwanga. Ndisanakaike pansi ndinakumbukiranso kuti chitenje chomwecho ndinafunda kumutu tsiku loika amalume. Mbereko ina inaberekapo mwana amene lero ndi mphunzitsi, ndiponso mwana wina amene sanafike poyenda. Zoyera za kutchalitchi zinaimbapo pa ubatizo ndi pamanda pomwe. Ndikamayang'anitsitsa, mitundu inkasungunuka m'maso mwanga, nkhope za amoyo ndi za ogona zikudutsana ngati anthu pamsika. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti mfundo zanga zinagawa misozi ndi nthungululu, koma panalibe nsalu imene inamva chimodzi chokha.

"Usadzivute," anatero achemwali. "Pita ku Limbuli ukagule bulangete la m'pepala, nkhani ithe."

Ndinali pafupi kuvomera. Mwana wanga anali atatsamira khoma akuyamwitsa, dzanja lina likusewera m'dengu. Anasolola nsalu yabuluu, n'kuyika chala padontho la guluu.

"Awa si malaya a bambo?" Anawanunkhiza. "Amayi, awa muwaike pakati. Pamene pazikhala chifuwa chake."

"Mwana iwe!" anatero achemwali.

"Amayi aakulu, bambo ankandinyamula ine atavala malaya omwewa. Akanakhalapo lero, mukanawaletsa kunyamula mdzukulu wawo?"

"Ndikanawauza asambe m'manja kaye. Manja awo anali utuchi wokhawokha."

Mwana wanga anaseka misozi ikutsika. Achemwali anayang'ana kudenga nthawi yaitali, milomo ikugwedera ngati akuwerenga nyimbo. Kenako anati, "Mchombo uyambe wagwa. Usanagwe, sizasi isalire m'nyumba muno."

Tinadikira. M'mawa wa tsiku limene mwana anatuluka m'chikuta, achemwali anabwera atavala magalasi awo omanga ndi ulusi. Anapisa m'dengu mpaka pansi, n'kutulutsa kapulana ya mayi athu.

"Ngati alamu akulowa, amayi asatsale panja. Bweretsa sizasi, ndidula ndine. Iwe umakhotetsa."

Anadula, ndipo mzere wawo unakhota kuposa wanga. Sindinauwongole. Ndinasoka chofundacho pakhonde, phiri litabwerera pamalo pake, mathithi akuoneka ngati ulusi woyera wolendewera pathanthwe. Pakati ndinaika buluu wa agogo ake aamuna, mozungulira kapulana, kenako zina zonse monga mmene dzanja linazitolera. Tsiku loyamba kumufunditsa ndinakhala pambali pake ndikuyang'ana thumba la malaya lija likukwera ndi kutsika. Anagona tulo tabwino, nadzuka ndi njala.

Lero mwanayo akuyenda, ndipo chofunda chake amachikoka pafumbi ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Bokosi ndinalichotsa kukhoma, ndinaliika pa njerwa kuti mphepo izidutsa pansi. Tsopano ndimasanja zolimba ndi zolimba, zopepuka ndi zopepuka, mitundu yoyanjana pafupi ndi inzake. Thumba la ufa lija ndinalidula, linakhala nsalu ya mkati. Nthawi yosunga inalipo, ndipo ndinasunga mokhulupirika. Nthawi yodula itakwana, Mulungu anatuma mphepo.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Ambuye akudalitseni pamodzi ndi zonse zimene munapinda n'kubisa pansi pa bokosi. Akutetezeni ku chinyezi cha mumtima, akutumizireni dzuwa loyanikira pa nthawi yake. Ana anu ndi ana a ana anu agone ofunda, ndipo Iye amene sataya ngakhale kachidutswa akusokereni pamodzi ndi okondedwa anu onse, ali maso ndi ogona omwe. Amen.