Bishopu, Nkhunda ya a Wilf Ackroyd

Dimba langa linachita malire ndi khola la nkhunda la a Wilf Ackroyd, ndiye kwa zaka zambiri tinkakangana nkhani imodzi yokhayokha: zitosi pa kabichi wanga. Iwo ankati ndi manyowa aulere, ndiziwathokoza. Ine ndinkati tsiku lina ndidzaziphika nkhunda zonsezo. Tikatha apo tinkakhala pa benchi yawo n'kumamwa tiyi wa m'fulasiki.

A Wilf analowa mu mgodi wa malasha ali mnyamata, ndipo anatulukamo mgodiwo utatsekedwa, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Kuno kwathu, kufupi ndi tauni ya Barnsley, amuna ambiri a msinkhu wawo ankaweta nkhunda za mpikisano. Lole inkazitenga m'madengu, kuwoloka nazo nyanja, n'kukazitulutsa ku Falansa. Loweruka masana mukanawaona madoda athunthu ali yasaa kukamwa, maso kumwamba, kudikira yoyamba kutera.

Akazi awo atamwalira anatsala ndi mwana mmodzi, Lorna, yemwe anakwatiwa ndi Mfalansa wina dzina lake Bastien n'kukakhala kufupi ndi mzinda wa Arras. A Wilf foni ankadana nayo, ankati imalankhulitsa munthu zopanda pake. Choncho Lorna akabwera kudzacheza, pobwerera ankanyamula nkhunda imodzi m'galimoto, ndipo akafika kwake ankaitulutsa. Ikatera pa denga la khola, bambo ake ankadziwa kuti mwana wafika bwino.

Kenako inabwera riferendamu ija, yofunsa ngati dziko lathu likhalebe mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya kapena litulukemo. Ku kalabu ya nkhunda pafupifupi onse ankati tituluke, ndipo sindikuwanyoza. Mgodi unatsekedwa, basi ya m'mawa anaichotsa, ana athu ankangogwira maganyu m'nyumba zosungiramo katundu, koma palibe wa ku London kapena ku Brussels, likulu la mgwirizanowo, amene anabwerapo kudzafunsa kuti mwadzuka bwanji. Atawafunsa kamodzi kokhako, anthu anayankha mokuwa. Ine ndinavotera kuti tikhale, ndipo pakamwa panga sipasunga kanthu, moti ena anasiya kundipatsa moni.

Lorna anabwera patangopita milungu yochepa. Ndinali ndikupalira anyezi, ndiye ndinamva zonse.

“Adadi, ndiuzeni zoona. Munavotera chiyani?”

“Voti ndi chinsinsi, mwanangu.”

“Chinsinsi chake chiti, chipepala choti tituluke chili pa zenera lanulo?”

“Iwe, sindinavotere kuti ndikuthamangitse. Ndangofuna tizidzilamulira tokha, basi.”

“Nanga ine ndikukhala kuti? Ntchito yanga, nyumba yanga, mawa akandiuza kuti ndine mlendo ndidzalowera kuti? Amati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, koma izi mwadya ndinu, zikupota ine!”

A Wilf akanangokhala chete zikanatha. Koma munthu uja makani ndiye ndiwo zake.

“Unasankha wekha kupita kumeneko,” anatero.

Lorna analowa m'khola, anatenga Bishopu, nkhunda yaimuna yomwe bambo ake ankaikonda kuposa zonse, ya kamzere koyera pakhosi. Anaiika m'dengu monga mwa nthawi zonse n'kunyamuka.

Bishopu sanabwere. Anzawo a ku kalabu ankati wagwidwa ndi kabawi kapena wagwera m'nyanja, koma a Wilf ankapukusa mutu. Mbalame imeneyo njira inkaidziwa bwino kwambiri. Ankadziwa kuti mwana wawo waitsekera dala, ndipo ankadziwanso chifukwa chake.

Zaka zinadutsa chomwecho. Lorna ankaimbira foni ine, kufunsa ngati bambo ake akumwa mankhwala a chifuwa. Ndikamuuza kuti awaimbire yekha, ankati ayambe ndi iwowo. Ndikawauza iwo, ankati foni ndi ya achinyamata. Ndinkapsa nawo mtima onse awiri, komanso ankandimvetsa chisoni. M'khola, malo a Bishopu sanaikepo nkhunda ina. Masana aliwonse kunja kukayera ankakhala pa benchi atayang'ana kum'mwera, n'kumati akuwotha dzuwa.

Tsiku lotulukadi mu mgwirizano litakwana, ku kalabu kunali mowa ndi mbendera, koma iwo sanapiteko. Anati makombola aopseza mbalame zawo. Patapita nthawi panabwera malamulo atsopano owolotsera nyama, ofuna mapepala a madokotala, mpaka kalabu yathu inagwa ulesi n'kusiya kutumiza nkhunda ku Falansa.

“Izi ndiye sindinavotere,” anadandaula choncho tsiku lina.

“Munkayesa mpanda womwe mukumanga uzitchinga anthu okha?” ndinawayankha.

“Glenys, iwe ukanakhala nkhunda ndikanakugulitsa kalekale.”

Komabe sanavomerepo kuti analakwitsa, ndipo ndikhulupirira kuti akanawafunsanso, akanayankha chimodzimodzi.

Tsiku lina masana, nyengo yofunda itangoyamba, ndinali ndikubzala nyemba pamene ndinamva kapu ikugwa pa simenti. A Wilf anali ataimirira, akuloza pa denga la khola. Panali nkhunda yowonda, yotopa, ya kamzere koyera pakhosi. Inayenda pang'onopang'ono n'kulowa pa kakhomo kake ngati yangochoka dzulo.

“Waitulutsa,” ananong'ona. “Glenys, mwana uja waitulutsa! Bwereke foni yakoyo.”

Ndinaimba n'kuwapatsa foniyo, nditaikweza mawu kuti amve bwino, poti makutu awo anali atayamba kugontha.

“Lorna? Ndine. Wafikatu.”

Lorna anati, “Adadi, sindinamutulutse ine. Bastien ndi amene anasiya chitseko chosatseka.”

Ndinaona nkhope ya a Wilf ikugwa, ndipo mtima wanga unawawa. Ndinkayesa abweza foniyo. Koma Lorna anapitiriza.

“Ndinamupezera yaikazi kuti asamasungulumwe. Ali ndi maunda awiri, angoyamba kumera nthenga. Chichokereni iye, mayi wawo sakuwadyetsa, akungozungulira. Afa, Adadi. Sindikudziwa chochita.”

A Wilf anakhala pansi pa benchi, anakoka mpweya, chifuwa chinalira.

“Safa ayi. Nsawawa zouma uli nazo? Ziviike m'madzi ofunda mpaka zifewe. Osati otentha, wamva? Ukatero umugwire mwanayo m'dzanja lamanzere, mlomo uutsegule ndi chala pang'onopang'ono, uziponyamo imodzi imodzi. Uzigwira pachifuwa pake. Pakafufuma usiye, usachite dyera ngati amuna akowo.”

Lorna anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Ine ndinabwerera ku nyemba zanga, koma khutu ndinalisiya komweko. Analankhula mpaka tiyi anazizira, za madzi, za udzu wofunditsa chisa, za chifuwa chawo. Za voti sanatchule n'komwe.

Chakumapeto ndinamva Lorna akuti, “Akakula ndidzayesetsa kupeza mapepala aja, ndidzakubweretsereni. Ndi ana a Bishopu, ndi anu.”

A Wilf anayang'ana khola lawo.

“Ayi mwanangu, usavutike. Amenewo abadwira konko, dzuwa aliwonera konko. Ukawabweretsa kuno, tsiku lomwe ndidzatsegule chitseko adzabwerera kwa iwe. Kwawo ndi kumeneko.” Anatsokomola. “Ndi kwanu kumeneko. Ndidzabwera ineyo kudzawaona.”

Atadula foni anandibwezera osandiyang'ana. Anapukuta m'maso ndi chipewa, kenako anandifunsa motsitsa mawu, ngati munthu wofunsa zamanyazi:

“Glenys, kodi pasipotiyo amatenga kuti?”