Jenerale wa pa Lizulu ndi Tambala Wosaphikidwa

Pa Lizulu mukafunsa za Obed Chimbalanga, anthu amangoyang'anana. Koma mukangoti "Jenerale", ngakhale wogulitsa kabichi akulozerani ndi mlomo kuseri kwa matumba a kachewere, pa kanyumba ka malata adzimbiri. Imeneyo ndiyo vidiyo sho yake. Ujeneralewo anadzipatsa yekha. Mfuti yeniyeni sanaikhudzepo, ndipo ngakhale nkhuku ya Khirisimasi amamuphera ndi aneba.

Ntchito yake ndi pakamwa. Filimu ikamaonetsedwa, iye amakhala pambali pa sikirini, maiki kukamwa, n'kumamasulira zimene azungu akulankhula. Chizungu chake chinathera Sitandade 6, koma zimenezo sizinamuletsepo. Msilikali akangoyasamula, Obed amamuikiramo mawu: "Iwe, unadya mbuzi ya malume anga, lero uona polekera." Anthu m'mabenchi n'kufa nazo nseko. Maikiwo ankamvekera mkati mokha. Panja, pamwamba pa chitseko, anapachikapo chisipika choloza kumsika, chongolavula phokoso la mfuti ndi mabomba kuyambira m'mawa kuti chiziitana makasitomala. Ankadziguguda pachifuwa kuti mu Ntcheu monse palibe wodziwa nkhondo ngati iye, poti waonapo nkhondo zoposa zikwi ziwiri ndipo zonsezo anapulumuka.

Chinthu chimodzi chokha chinkamudya mumtima. Mkazi wake Lufina, mayi a Atikonda, amagulitsa tomato ndi anyezi pafupi pomwepo, poti ungaponye mwala, koma pa zaka makumi awiri ndi zinayi za banja lawo sanapondemo mu vidiyo shomo. Anthu a ku Tsangano, a ku Mlangeni, ngakhale a kutsidya kwa msewu ku Mozambiki, ankamuombera m'manja Jenerale. Mkazi wake yekha anali asanamuonepo ali pantchito, ndipo zimenezi zinkamuwawa zedi.

"Mayi a Atikonda, tangolowani lero lokha mudzandimve," ankatero.

"Nanga tomato andigulitsire ndani, bambo a Atikonda?"

Obed anangoti ndi za kumpingo, amayi a Mvano saonera zophanaphana. Ndiponso mkaziyu anali ndi zakezake. Pakhomo ankaweta mathadzi okhaokha, tambala ayi. Ankalolera kukabwereka wa aneba masana n'kumubweza dzuwa lisanalowe. Obed ankaseka nazo pabawo kuti tambala pakhomo pake ndi iye yekha. Zoti Lufina anawoloka msewu ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, kuthawa nkhondo ya kutsidyako, ankazidziwa monga momwe munthu amadziwira saizi ya nsapato ya mkazi wake. Kufunsa zambiri sanafunsepo. Katswiri wa nkhondo afunsenso ndani?

Ndiye kunabwera filimu ija. Fanizo, amene amamukopera mafilimu ku boma, anamuikira ina yatsopano m'fulashi. Pachithunzi panali msilikali wamatope thupi lonse, chisoti kumutu. Obed anali ndi lamulo lake lakuti saonera filimu asanaionetse, ati pakamwa pamathwa bwino munthu ukadzidzimuka pamodzi ndi anthu. Choncho Loweruka, tsiku la msika, anatenga choko n'kulemba pabolodi: NKHONDO YOOPSA, ZIPOLOPOLO NGATI MATALALA. Mabenchi anadzaza thothotho.

Filimu inayamba. Inali yopanda mitundu, yakuda ndi yoyera basi. Msilikali uja ankayenda m'matope. Anayenda, anayenda.

"Apa akupita kukatenga anzake," anatero Obed.

Anzakewo sanaoneke. Msilikali anafika pamtengo wopserera, n'kukhala pansi, n'kuyang'ana kumwamba.

"Akuwerenga ndege za adani."

Kumwambako kunalibe ngakhale khwangwala. Kenako munthuyo anayamba kudzilankhulira yekha, pang'onopang'ono, m'chilankhulo chimene sichinali Chizungu n'komwe. Mphindi makumi awiri zinatha popanda ndi chipolopolo chimodzi chomwe. Chisipika cha panja chinangoti zii.

"Jenerale, zipolopolo zija zikubwera pa ngolo ya ng'ombe kodi?" anafunsa Goliati, kamunthu kakafupi konyamula matumba a kachewere, kamene pakamwa pake sipauma.

Anthu anaseka, koma si nseko zimene Obed anazolowera. Ena anayamba kutuluka akuphiphiritsa zachipongwe. Ndipo pamene nsalu ya pakhomo inakankhidwanso, analowa munthu mmodzi n'kukhala pabenchi yomalizira, atadzifunditsa chitenje. Anali Lufina.

Abale inu, zaka makumi awiri ndi zinayi munthu kupempha, n'kudzabwera lero! Obed anatuluka thukuta ngakhale kunja kunali chisanu cha Lizulu. Anakumbukira mafilimu onse amene akanatha kumuonetsa, a ndege zogwa ndi milatho yophulika, mmene iye amakhetsa mawu mpaka anthu kuimirira. Lero mkazi wake wamupeza akumasulira munthu woyang'ana mitambo. Anapemphera chamumtima kuti wina aombere mnzake, ngakhale mwangozi.

Pasikirini zinthu zinasintha pang'ono. Kunaoneka anthu wamba atabisala m'nkhalango, akatundu awo pambali, ana ali maso tuzu ndi njala. Mayi wina anatulutsa tambala m'dengu, n'kumupotokola khosi. Sanamusosole, sanakoleze moto. Anangomukwirira ndi masamba, ana akuyang'ana.

Obed anaona kuti mpata ndi womwewu. "Apa ndiye zayambika," anakuwa. "Mayiyu ndi mfiti yotheratu. Akupereka nsembe kuti zipolopolo za adani zisanduke madzi."

Awiri atatu anaseka. Kenako kumbuyo kunamveka mawu opanda maiki.

"Si ufiti umenewo, bambo a Atikonda."

Mitu yonse inatembenuka. Lufina sankayang'ana mwamuna wake, maso ake anali pasikirini.

"Tambala sadziwa kuti anthu akubisala," anatero. "Kukamacha alira basi, ndipo asilikali amva kuti kuthengoko kuli anthu. Kuphika sangaphike, utsi uoneka."

"Nanga mbuzi, amayi?" anafunsa Goliati, ndipo ulendo uno sankaseka.

"Mbuzi mumaimanga pakamwa ndi luzi. Amene amavuta ndi mwana wakhanda."

Palibe anafunsa kuti wakhandayo amatani naye. Obed anapeza kuti maiki ali pamwendo pake, osadziwa kuti anawatsitsa nthawi yanji.

"Tambala wathu anali wofiira," anapitiriza Lufina, mawu ake ali omwe aja amatchulira mtengo wa anyezi. "Anali wanga, anandipatsa ndi atate. Amayi anati ndimugwire miyendo kuti asaphiriphithe."

Filimu inapitirira kwa ola lina lathunthu. Anthu aja anayenda, wina anatsalira panjira, msilikali anakumana nawo n'kuwapempha madzi. Amene anapambana nkhondoyo sanaoneke. Jenerale, mwini nkhondo zikwi ziwiri, sanatsegulenso pakamwa, ndipo anthu asanu ndi awiri amene anatsala sanamufunse kanthu. Itatha anatuluka mwakachetechete, Goliati chipewa chili m'manja.

Anatsala awiri. Obed anachita manyazi amene sanawamvepo chibadwire, ngakhale tsiku lija anagwa panjinga pamaso pa apongozi ake.

"Mwalowa bwanji lero, mayi a Atikonda?"

"Chisipika chanu chinali zii. Ndimayesa mwakomoka."

"Ndiye masiku onsewa, mfuti zija..."

"Ndimazimva," anatero Lufina akumanga chitenje. "Ndimangounjika tomato wanga. Paja mfuti zanuzo ndi zimene zaphunzitsa Atikonda sukulu." Anaima pakhomo pang'ono. "Koma mawu muli nawo abwino pamaiki. Bodza lokhalo."

N'kubwerera kumsika.

Madzulo omwewo, msika usanathe, Obed anabwereka makwerero kwa wowotcherera zitsulo. Waya womangira chisipika anali atachita dzimbiri, ndipo pomasula chinamupulumuka n'kumugwera pachala chachikulu cha kuphazi. Anatsimphina milungu iwiri. Iye mwini amati limenelo ndi bala lokhalo la nkhondo limene ali nalo, ndipo analipeza pothawa.

Vidiyo sho ikadalipo. Mafilimu ophanaphana amaonetsabe, poti anthu ndi zimene amafuna, koma phokoso limathera mkati. Makasitomala amawaitana ndi pakamwa ataima pakhomo, ndipo achepako ndithu. Masiku ano filimu amayamba waionera yekha. Anthu akamuitana kuti Jenerale amayankha, koma amakanda kumutu kaye. Filimu ya tambala ija sanaifufute m'fulashi, ngakhale Fanizo anapepesa kuti anaikopera molakwitsa.

Lufina sanalowemonso, ndipo Obed sanamupemphenso. Chisipika chija anachichotsa zam'kati n'kuchiika kuseri kwa nyumba, ndipo thadzi lina la mayi a Atikonda likuikiramo mazira.