Mwala Woboola Malata ku Chinsapo

Maginito anakakamira pa kanthu kakuda, ine ndinaima n'kukweza dzanja monga anatiuzira. Chinali chidutswa cha khasu lakale. Masiku ambiri ankatha choncho.

Ntchitoyi inandipeza pamsika ku Chinsapo, ndikukankha wilibala. Sabata imeneyo moto unadutsa kumwamba, kenako kugunda ngati bingu, mvula palibe. Kunabwera Mayi Gondwe a ku yunivesite, kufuna amuna oyenda m'minda. Anati ntchito yawo ndi kulondola miyala yoyenda m'mlengalenga, kuti wina ukalunjika dziko lino adziwe msanga. Moto uja unali mwala wotero, koma sanauone ukubwera. Unasweka, ndipo ankafuna zidutswa zake.

Aliyense anapatsidwa ndodo yomangirira maginito kunsonga. Tinkayenda pamzere, maso pansi. Mwala wake ndi wakuda ngati wowauka, wolemera kuposa maonekedwe. Ukaupeza, osaugwira ndi manja. Mayi Gondwe amayamba aujambula, alembe malo pafoni, kenako aukulunge m'pepala lonyezimira.

Tsiku lina tinaitanidwa kunyumba ina. Malata anali atabooka. Pansi pa bowolo panali mphasa yogonapo mwana, itang'ambika m'mphepete. Mwala woboola malatawo eni nyumba anauika m'beseni n'kuuthira mchere. Panja anthu anali atazungulira a Likoswe, mkulu wa ku Thyolo wa nyumba yoyandikana, amene anakanganapo ndi banjalo za malire a poloti.

"Mwala sugwa wokha," anatero bambo wina atagwira chibonga. "Madalawa afotokoze bwinobwino."

Ndinayandikiza ndodo. Mwala unakakamira. Mayi Gondwe anauza anthu kuti unachokera kutali kuposa mwezi, ndipo unayamba ulendo a Likoswe asanabadwe.

Mayi a mwana uja anafunsa, "Ndiye anauponya ndani?"

"Palibe, mayi."

"Nanga ukabwera wina?"

"Yaikulu yambiri timaiona ikadali kutali. Yaing'ono ngati uwu, kawirikawiri timadziwa itagwa kale."

Anthu anabalalika akung'ung'udza. Sabata isanathe, a Likoswe anakweza katundu palole mbandakucha. Palibe anawatsanzika. Nyumba yawo ikadali yotseka.

Ndinaphunzirapo chinthu chimodzi. Munthu amalolera kuti ikhale mfiti, poti mfiti umaithamangitsa n'kugona tulo. Kumwamba sungakuthamangitse. Inenso kuyambira pamenepo, mango akagwera padenga langa ndimapezeka ndaimirira.

Ntchito itatha ndinakumana ndi mayi a nyumba yobooka malata ija potunga madzi, mwana ali kumbuyo. Anatula ndowa.

"Achimwene, Mayi Gondwe aja ndi a masukulu, amayankhula zawo. Inu ndinu wa konkuno. Malata tinamata, koma mphasa ndasuntha ngodya zonse. Tandiuzani inu, mwanayu ndizimugoneka mbali iti?"

Ndinawayang'ana. Ndinayang'ana mwanayo, akutafuna nsonga ya chitenje. Ndinatembenuka n'kumapita.