Maliro Amene Anakana Kulowa M'mudzi

"Munthu akumunena ufiti chifukwa cha chitsulo chanu, inu muli duu ngati simukudziwa kanthu!"

Anali mkazi wanga, titangofika kunyumba kuchokera kumanda. Ndinamukalipira kuti atseke pakamwa, za galimoto sazidziwa. Ndine wa mtima wapachala, ndipo ndimapsa kwambiri winayo akamanena zoona.

Galimoto yanga ndimanyamulira mbatatesi. Ventoinya yake, chopemerera chamagetsi chija choziziritsa madzi a injini, imene kuno timati motori, inali itafa kalekale. Mekaniku anandiuza kuti ndigule ina, ine ndinamuseka. Kuno ku Tsangano kumazizira, komanso ukamathamanga mphepo imalowa yokha kutsogolo. Ine sindiyenda ngati nkhono. Ndinayenda choncho miyezi, madzi osawira.

Kenako alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, anamwalirira ku Furancungo kumene ankagwira ntchito. Galimoto ili pabanja pomwe, ndiye ndinakatenga thupi ndine. Njira yonse singano yoonetsa kutentha inali pamalo pake. Koma titayandikira kumudzi, cha ku Ntengo-Wambalame, amayi a mpingo anatichingamira pamsewu, natsogola akuimba. Maliro sathamangitsa. Ndinayamba kukwawa pambuyo pawo, pachitunda. Singano ndinaiona ikukwera. Ndikanatha kuima n'kunena. Ndinangoti patsala pang'ono, tifika.

Nthunzi inangoti fwaa, motori n'kuzima. Nyimbo inadukira pakati.

"Wakana," anatero azakhali a malemu. "Mwanayu sakufuna kulowa m'mudzi. Alipo wamulakwira."

Sanatchule dzina, koma maso onse anapita kwa mkazi wamasiye, amene anakhala kumbuyo pambali pa bokosi. Kwawo ndi ku Macanga, anakulira kothawa nkhondo ku Malawi, ndipo m'mudzimo sanamulandirepo ndi manja awiri. Anatsika atadzifunda nsalu.

Bambo wina anandiyandikira. "Achimwene, kodi si galimotoyi yavuta?"

"Yachokera ku Furancungo osatsokomola, ivute pano?" Ndinayankha mokweza, aliyense anamva.

Bokosi analisenza pamapewa mpaka m'mudzi. Ine ndinatsala, motori itazizira ndinathiramo madzi, inalira bwinobwino. Apo ndiye anthu anatsimikiza kuti analidi malemu amene anakana. Kumanda panalibe mayi amene anakhala naye pafupi wamasiyeyo. Madzi akumwa anakatunga yekha.

"Mawa akuluakulu akukhala pansi," anatero mkazi wanga, mawu atasasa ndi kulira. "Akuti abwerere kwawo, ana atsale. Wamng'ono uja akuyamwa. Mukamuyamwitsa ndinu?"

"Ndiye ndikanene chiyani? Kuti alamu anga ndinawanyamula pa galimoto yodwala?"

"Eya. Pakamwa muli napo, tsiku lililonse timapamva."

Ndinamenya chitseko n'kutuluka. Ndinakhala pathumba la mbatatesi ndikuganiza zoti ndingogula ventoinya ina mwakachetechete, nkhani ifere pomwepo. Galimoto ikanachira, inde. Koma wamasiye uja, akutunga madzi yekha, sanandichoke m'maso. Mayiyo amandipatsa moni atagwada, amanditcha alamu, ndipo anakwera galimotoyo pondikhulupirira.

M'mawa ndinadzaza madzi, ndinathamanga mpaka kumudzi. Akuluakulu anali atakhala kale pamphasa, wamasiye ali payekha pakhonde, mwana ali m'manja. Ndinaimika galimoto pakati pa bwalo, ndinatsegula kutsogolo, motori ndinaisiya ikulira.

"Nanga phokosoli, mkamwini?" anafunsa azakhali.

"Azakhali, lero mulibe maliro umu. Takhalani muone."

Ndinaima pambali, manja kumbuyo, anthu akung'ung'udza, mpaka madzi anawira n'kufwaa pamaso pa onse. Ndinazimitsa, ndinaloza chopemerera chija chili zii, ndinawauza kuti chinafa kale ndipo amene anakana kugula china ndine. Kenako ndinapita pakhonde paja, ndinavula chipewa, n'kukhala pansi.