Chingwe cha ku Kamwala

Ntchito ya padamu anandipezera mlamu wanga, mlonda wa ku Kabulonga. Ndinali nditachotsedwa ntchito pa siteshoni ya mabasi ya Intercity chifukwa chomenya kondakitala mnzanga, ndipo miyezi isanu ndinangokhala ku Kabwata osagwira kanthu. Bwana wa mlamuyo anali ndi damu la nsomba kupitirira Chelstone, ndipo ankafuna munthu wodziwa kulemba manambala.

Anandiphunzitsa ntchito ndi Mayi Zulu, amene ankayang'anira nsombazo. Chida chake ndi chimbale chachitsulo chopaka zoyera ndi zakuda, chomangirira ku chingwe cha zizindikiro. Umapalasa bwato mpaka pakati, dzuwa lili pamutu, n'kutsitsa chimbalecho mbali ya mthunzi mpaka chitasowa m'maso. Walemba. Umachikoka pang'onopang'ono mpaka chionekenso, walembanso, ndiye utenge pakati pa manambala awiriwo. Lolemba ndi Lachinayi, malo atatu omweomwewo, khosi likuwawa. Madzi akabiriwira kwambiri chimbale chimasowa msanga, ndipo Mayi Zulu akaona choncho m'buku amachepetsa chakudya cha nsomba n'kupopa madzi atsopano.

"Ba Banda, musandiuze zimene muganiza," ankatero. "Mundiuze zimene chingwe chakamba."

Chaka chachiwiri chingwe chinaduka. Ine ndi wosunga katundu pafamupo tinali titatukwanana, ndiye sindinafune kukamupempha china. Ndinakagula changa cha thonje ku Kamwala, n'kuikapo zizindikiro ndekha ndi tepi, chili chouma. Kuyambira Ogasiti manambala ankangonena kuti madzi ali bwino. Maso anga ankaona ndithu kuti damu likubiriwira, koma ndinali wotopa, ndipo chingwe chinali chitakamba.

Mu Okutobala, kutentha kuja, ndinafika m'mawa n'kupeza nsomba zayandama, mimba m'mwamba, m'mphepete monse muli mbuu. Tinazivuula n'kumazituta pa wilibala mpaka masana. Fungo lake ndimalimvabe. Mayi Zulu anabwera ndi buku langa m'manja.

"Munali kupitadi pamadzi, kapena munali kulembera pansi pa mtengo?"

Mtima unandipsa. Ndinaponya nkhafi pansi, ndinawauza kuti sindinajombepo ngakhale tsiku limodzi, kuti ngati akufuna womunamizira akafune wina, ine si mwana wawo. Anandisiya ndimalize. Kenako anatenga chingwe chija chili chonyowa, n'kuchiyala pa udzu pambali pa tepi. Pamene ndinalemba theka la mita panali poperewera ndi zala zitatu.

"Thonje limafupika m'madzi, ba Banda. Mukanafunsa."

Ndiye kuti miyezi yonseyi chingwecho chinkandipatsa manambala aakulu kuposa enieni. Ndinabwerera ku wilibala.

Sanandichotse, koma mlamu wanga anakalipiridwa ku Kabulonga chifukwa cha ine, ndipo chaka chonse sanaponde kwathu. Padamupo ndinakhalapo zaka zina zitatu, chingwe ndikuchiyesa chonyowa kumayambiriro kwa mwezi uliwonse. Mtima wanga ukadali wapachala, sindinama. Koma lero munthu akati manambala anga ndi olakwa, ndimayamba ndatenga tepi, kukalipa pambuyo.