Dzina la Amayi Awo a Ambuya Esinati

Ndikati ndikumbukire ambuya Esinati, amayi awo a mayi anga, chimayamba kundifika ndi fungo la nkhuni za tsanya zikunyeka pansi pa thandala la nsomba, utsi wake ukulowa m'nsalu, m'tsitsi, ngakhale m'mabuku anga a kusukulu. Kenako ndimamva phokoso la zitini. Mapira akayamba kucha kwathu ku Malama, ambuya ankakwera pansanja pakati pa munda dzuwa lisanatenthe, n'kumakoka chingwe chimene anamangirirako zitini zakale, uku akutukwana mpheta ndi mawu osasa ngati a mwamuna. Azimayi a m'minda yoyandikana ankakalipira mbalamezo m'Chikunda, koma ambuya ankazikalipira m'Chinyanja cha kumtunda, ndipo ine ndinkaganiza kuti n'chifukwa chake sizinkawamvera.

Sanali munthu wofatsa. Nthano sankazidziwa, ndipo mwana akamalira popanda bala ankamupatsa mtsuko kuti akalirire kudambo. Ukakhala pansi nthawi ya ntchito ankangoti, "Manja akakhala chete, mimba ndiye iyankhula." Lamulungu ankafika kutchalitchi anthu onse asanafike, n'kukhala kutsogolo. Koma pamaliro kapena paukwati, akulu akayamba kufotokozerana za ziwongo, kuti uyu ndi wa kwa uje, amayi ake anachokera kwakuti, ambuya ankanyamuka kukayang'ana moto umene sunkafuna kuyang'anidwa.

Mayi ndi amene anandiuza chifukwa chake. Chaka china cha njala, ambuya ali kamwana kongoyamba kuyenda, mayi wina anawoloka mtsinje wa Luangwa atawabereka kumsana, n'kukafika nawo kumishoni. Anawasiya m'manja mwa mkazi wa mphunzitsi wa mpingo, banja lochokera kumtunda, n'kunena kuti akubwerera kukatenga mwana wina amene anatsala. Sanabwerenso. Patapita zaka, midzi ya tsidyalo inasamutsidwa, malowo n'kukhala paki ya nyama, ndipo anthu ake anabalalika. Ambuya anakulira m'banja la mphunzitsi uja, anatenga chiyankhulo chawo ndi dzina lawo. Za amayi awo ankangokumbukira mkanda wofiira umene ankauyamwa ali kumsana. Kwathu munthu amawerengedwa kuchikazi, choncho mzere wathu wonse, ine, mayi ndi ambuya, unkathera pa mkanda umenewo.

Ndili giredi sikisi, mayi anabereka mwana wamkazi, Lute. Atakwanitsa miyezi ingapo anayamba kutentha thupi ndi kulira kosalekeza. Mayi anayenda naye mpaka kukiliniki, anabwerako ndi mankhwala, thupi linazizira pang'ono, kenako linayambiranso. Tsiku lina masana kunabwera a Tikambenji, gogo wa nyumba yoyandikana nafe, amene ankapemphera nafe limodzi koma zakale sanazitaye. Anamuyang'ana mwanayo kwa nthawi, n'kutembenukira kwa ambuya.

"Anzanga, mwanayu akulirira dzina. Alipo wakuchikazi kwanu amene akufuna kutchulidwa. Mum'tchule m'khutu, aleka."

"Ife ndife a mpingo," anatero ambuya.

"Nanenso ndine wa mpingo. Amayi anu anali ndani?"

Ambuya anatsegula kabotolo kawo ka fodya, n'kukatsekanso osanunkhiza. M'mawa mwake anandidzutsa n'kundiuza kuti ndivale yunifomu.

"Tikupita kumishoni. Anandibatiza kumeneko, ndiye kuti analemba. Iwe uli ndi maso a sukulu, ukandiwerengera."

Ulendowo unali wautali, wapansi, m'nkhalango ya tsanya imene masamba ake sapereka mthunzi, ntchentche za kashembe zikutiluma kumsana kupyola nsalu. Pena tinkaima chilili kudikira kuti njovu zidutse, ambuya atandigwira paphewa mwamphamvu mpaka zala zawo kusiya zizindikiro. Tinagona kwa anthu panjira. Pamene tinkawoloka mtsinje wouma ambuya anandifunsa kuti, "Zilembo zikakalamba zimawerengekabe?" Ndinati inde, ngakhale sindinkadziwa.

Kumishoni tinapeza wansembe wachinyamata akukonza njinga yamoto. Ambuya anagwada patali.

"Mwaswera bwanji, Abambo?"

"Ndaswera bwino, amayi, kaya inu? Mwachokera kutali, ndikuona mapazi."

Anamufotokozera zonse, kupatula za a Tikambenji. Iye anasamba m'manja, n'kutilowetsa m'kachipinda konunkha ndowe za mileme, mmene munali kabati yachitsulo. Mabuku a ubatizo anali ataunjikidwa m'menemo, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete, ena masamba atamatana chifukwa cha madzi a chaka china pamene denga linadontha. Ambuya sankadziwa chaka chimene anabadwa. Ankangodziwa dzina la mphunzitsi amene anawalera, ndipo ndi dzinalo tinafufuzira, ine ndi wansembeyo, tsamba ndi tsamba, inki itasanduka yofiirira ngati tiyi. Ambuya anakhala pansi pakhomo, manja ali pamiyendo.

Dzuwa litapendeka tinapeza. Dzina lakuti Esinati linalipo, lolembedwa mopendeketsa, ndipo pambali pake panali dzina la mphunzitsi uja ngati mboni. Ndinayendetsa chala kupita pamalo a bambo, panali kamzere chabe. Pamalo a mayi panali mawu awiri a Chingerezi. Ndinawawerenga chamumtima, kenako ndinayang'ana wansembe.

"Wapeza?" anafunsa ambuya. "Werenga."

"Alemba kuti mkazi wachikunja."

"Eya, anali wachikunja. Dzina lake?"

"Palibe, ambuya. Alemba zomwezo basi."

"Nanga mudzi?"

"Alemba kuti tsidya la mtsinje."

Anadzuka, anabwera pathebulo, n'kuyang'anitsitsa tsambalo ngakhale sankadziwa chilembo n'chimodzi chomwe. Anandiuza kuti ndiwasonyeze pamene panali mawuwo, ndipo anaikapo chala chawo chokhakhala.

"Malo analipo," anatero. "Onani, Abambo, malo analipo okwanira dzina. Munthu anaima pamaso pawo, ali ndi pakamwa. Kungomufunsa."

Wansembe anati mwina pamene ubatizo unkachitika mayiyo anali atapita kale. Anatipatsa chakudya ndi malo ogona, ndipo anapempherera Lute. Ambuya anathokoza mwaulemu wonse, koma chakudyacho sanachikhudze.

Titafika kunyumba tinapeza Lute akadali moyo, koma kulira kwake kutasanduka kamawu kakang'ono ngati ka mwana wa mbuzi. Mayi anatiyang'ana kumaso n'kudziwiratu kuti dzinalo sitinalipeze. Ambuya anasamba m'manja, anamutenga mwanayo, n'kukhala naye pamthunzi wa nkhokwe. Ndinawaona akuweramira kukhutu kwake. Nditayandikira ndinamva kuti akutchula mayina a akazi, limodzi limodzi, n'kumadikira pang'ono pakati pake kuti aone ngati mwanayo asinthe. Anatchula a Chikunda, a Chinsenga, a Chibisa, mayina a azimayi amene anakumana nawo pamsika, pamaliro, kuchigayo, ena amene ndikukhulupirira kuti ankangowapeka pomwepo. Anachita zimenezi tsiku lonse, ndi mawa lake, mpheta zikudya mapira kumunda popanda wozikalipira. Mawu atawathera anapitiriza ndi milomo yokha.

Lute anamwalira ali m'manja mwawo, mayi atapita kukapempha njinga yoti abwerere naye kukiliniki.

Lero ndikudziwa kuti anali malungo. Ndikuganiza kuti nawonso ambuya ankadziwa. Koma kuyambira pamenepo anasiya kukhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo a Tikambenji akabwera kudzacheza ankawayalira mphasa n'kuchokapo.

Patapita zaka zingapo kunabwera kalembera wa boma. Mnyamata wa chikwama ndi mapepala anakhala pampando pakhomo pathu, n'kumafunsa kuti m'nyumba mumagona anthu angati, denga ndi la chiyani, madzi timatunga kuti. Atafika pa ambuya anawafunsa ana amene anabereka, amoyo ndi omwalira. Anamuyankha bwinobwino, kenako anasendera pafupi.

"Mwanawe, boma linayamba kale kulemba anthu?"

"Kalekale, ambuya, kuyambira nthawi ya azungu."

"Ndiye a tsidya lija, asanawasamutse, anawalemba?"

"Mwina. Koma mabuku amenewo ine sindinawaonepo. Ngati alipo ali ku Lusaka."

"Chabwino. Pamenepo lembapo kuti Esinati anali ndi amayi ake."

Mnyamatayo anaseka pang'ono, koma ataona nkhope yawo analeka. Anatembenuza pepala lake uku ndi uku.

"Palibe malo ake, ambuya."

"Kuja malo analipo, dzina panalibe. Kuno malo palibe," anatero, n'kubwerera kuthandala la nsomba zawo.

Anamwalira ine nditayamba kale ntchito yochapa zovala za alendo odzaona nyama pa loji ina kufupi ndi Nkwali. Pamaliro anandipatsa ine kuti ndilembe mbiri yawo yoti iwerengedwe kumanda. Mbiri za anthu ena zimayamba ndi makolo ndi mudzi. Yawo ndinaiyamba ndi ubatizo, ndipo wowerengayo anaima kaye, n'kutembenuza pepala kuona ngati panali tsamba lina limene laduka.

Nditasunga kandalama ndinapita ku Lusaka, kunyumba yosungira mabuku akale a boma. Mayi wina wachifundo anandithandiza kupeza mabuku a maulendo a abwanamkubwa a chigawo chathu, mmene ankalembamo midzi ndi anthu ake chifukwa cha msonkho. Midzi ya tsidya inalimo, ina mayina ake sindinawamvepo. Amuna okhoma msonkho analembedwa mayina. Akazi ndi ana anali nambala chabe pansi pa tsamba. Ndinakhala pamenepo mpaka nthawi yotseka, ndikuyang'ana manambalawo, podziwa kuti mu imodzi mwa nambalazo muli mayi amene anawoloka mtsinje ndi mwana kumsana, mwinanso ndi mwana winayo amene anabwerera kukamutenga. Sindinadziwe ngakhale tsamba loti ndijambule.

Nthawi zina alendo akachepa, oyendetsa magalimoto a pa loji amatitenga antchito kukaona nyama m'paki muja, tsidya la mtsinje. Amadziwa malo amene kale panali midzi. Amaimitsa galimoto pansi pa mlambe, n'kutisonyeza mapale a miphika ndi mphero zokumbika pakati zili m'udzu, nswala zikudya pambali pake. Anzanga amajambula. Ine ndimafunsa dzina la mudziwo, ndipo woyendetsa wina amatchula ili, wina amatchula lina. Kutsika m'galimoto saloleza.

Mwana wanga wamkazi ali giredi faivi tsopano. Mwezi wathawu aphunzitsi anawapatsa ntchito yoti akafunse kunyumba mayina a makolo awo kuchikazi, mpaka pamene angafike. Tinakhala pakhonde, iye ali ndi pensulo. Ndinamutchulira dzina langa, la mayi, ndi la ambuya Esinati. Analemba mosamala, n'kujambula kabokosi kena pamwamba pake.

"Kenako ndani, amayi?"

Ndinamuuza kuti sindikudziwa, ndiponso kuti palibe amene akudziwa.

"Anzanga afika mpaka sikisi," anatero. "Ndingolembapo lililonse? Aphunzitsi sadziwa."

Ndinamuuza kuti ayi, asiye choncho. Anayang'ana kabokosiko kwa kanthawi, kenako anatenga labala kuti akafufute. Ndinamugwira dzanja.