Chala cha Ratovo

Ratovo anali woyendetsa ngolo, wonyamula mpunga ndi makala kupita ku tauni ya Moramanga. Sankayambana ndi munthu, koma pamudzi ankakhala ngati mlendo. Bambo ake ndiwo anaulula kwa asilikali a Afalansa kumene kunabisala anyamata oukira boma, ndipo atamwalira abale anawakaniza manda a banja, nyumba yamiyala ya pachitunda. Anawakwirira kunja, pa udzu. Ratovo, imvi zili mbuu, ankaopa chinthu chimodzi: nayenso kudzagona kunja kwa mandawo. Wogamula za mandawo anali azakhali ake, a Ravelo, amene sankavomera kapena kukana.

Ndiye kunabwera Afalansa ojambula kanema wa nthawi ya atsamunda, wa mwana wamkazi wa bwanamkubwa wokondana ndi woukira. Anafuna ngolo, namutenga ndi mwini wake yemwe. Ratovo anakondwa, osadziwa kuti amupatsa gawo lanji.

Tsikulo mudzi wonse unakwera pachitunda kukaonerera. Womasulira wa Afalansawo anamukokera Ratovo pambali.

"Achimwene, zanu n'zophweka. Woukira wabisala kuseri kwa manda. Asilikali akakufunsani, mungoloza."

Manda salozedwa ndi chala chowongoka, ndi mwana yemwe amadziwa. Munthu amapinda chala. Ndipo anthu onsewa, woloza akhale mwana wa bambo ujadi?

Asilikali anafika, mfuti zili m'manja. Ratovo anakweza mkono, chala chili chopinda.

Mzungu wotsogolera kanemayo anakuwa.

"Akuti wongolani chala," anatero womasulira. "Kodi ndi nyamakazi?"

Anthu anaseka. Ratovo anayang'ana a Ravelo, amene anakhala pamwala atafunda nsalu yoyera, nkhope ili gwa. Ratovo anabwerezanso, chala chili chopinda chomwecho. Mzunguyo anaponya chipewa pansi.

"Chokanipo, madala!" anatero womasulira. "Alipo wina?"

Solofo, mdzukulu wa a Ravelo, analumpha. Analoza manda a makolo ake ndi chala chonga msomali, akumwetulira, anthu n'kumuombera m'manja. Ratovo zinamuwawa. Palibe anang'ung'udza, poti malo a Solofo m'mandamo sanakayikitsepo munthu.

Potsika, Ratovo anawapeza azakhali ake panjira. Anavula chipewa.

"Azakhali, mwaona? Sindinaloze."

Gogoyo anakonza nsalu yake paphewa.

"Aa, unali iwe kodi? Maso angawa saonanso patali, mwanawe."